Pepala Loyesera la a Inki

Kumapeto kwenikweni kwa khonde la koleji ya anamwino, ukadutsa ofesi ya mayeso ndi chimbudzi cha aphunzitsi, kunali kachipinda kopanda zenera loyang'ana panja. Munali tebulo lalitali, mashelefu a mapepala, mpando umodzi wothyoka chotsamira, ndi makina a fotokope amene pofika masana ankatentha ngati mbaula. Khoma loyang'ana m'khonde analiboola kawindo koperekera mapepala. M'kachipinda kameneko ndimo a Inki anamerera imvi.

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa chiphaso cha ntchito pokha. Analowa pakolejipo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, tsache lili m'manja, sukulu atailekera panjira bambo awo atamwalira. Chaka chachiwiri mkulu amene ankapukusa makina a sitensulo anayamba kudandaula phewa, ndiye anati wosesayo azidzamupukusira. Makina amenewo ana a lero sawadziwa. Unkamata pepala lotayipidwa pa chigubu, kuthira inki yakuda bii, n'kumapukusa chogwirira mpaka mkono kuchita dzanzi. Inkiyo inalowa m'zikhadabo, m'mizere ya m'manja, mpaka m'kolala ya malaya. Ophunzira anangoti "a Inki", dzina n'kukhala lomwelo. Makinawo anawataya kalekale, manja anayera, koma dzina linakana kuchoka.

Ntchito yawo inali mahandawuti. Pakoleji mawu amenewa ankanena mapepala amene mphunzitsi walemba kuti agawire kalasi: za mafupa, za magazi, kasambitsidwe ka wodwala, kayezedwe ka mankhwala. Mabuku m'laibulale anali ochepa, ena ozulidwa masamba, ndiye namwino aliyense wotuluka pakolejipo anaphunzira za m'mapepala odutsa m'manja mwa a Inki. Handawuti ikakhala ya masamba khumi, ankayala milu khumi patebulo lalitali lija n'kumalizungulira, kutola limodzi limodzi, kugogoda m'mbali kuti afanane, sitepula khethe, kuyambiranso. Pa tsiku ankayenda mtunda woti akanafika kwawo n'kubwerera, koma osatuluka m'chipinda.

Pakawindo paja sipankatha phokoso. "A Inki, langa lanyowa ndi mvula." "A Inki, tsamba lachitatu mulibe." Iwo ankayankha osatembenuka: "Mulibe kapena wakulungira mtedza? Bwera nalo ndione." Ankakalipa, koma mwana akalira ankamupatsa. Ndipo kunyada sankabisa. Akapita kuchipatala n'kuona namwino akubaya jakisoni bwinobwino, ankagunda mkazi wawo ndi chigongono: "Ameneyo ndi wanga. Ndinamusindikizira ndine."

N'chifukwa chake zinkawanyansa kumva mawu omwewo akutchulidwa pa zinthu zina. Mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, munthu wamphamvu zake wosadwala ndi chimfine chomwe, ankadziwa tsiku ndi malo a chilichonse chogawidwa mwaulere m'tauni monse. Kaya ndi mabulangete a kutchalitchi, kaya ndi matumba a mpunga a bungwe, kaya ndi malaya a anthu ofuna mavoti, iye pamzere anali woyamba. Tsiku lina anatulukira atanyamula ndowa ziwiri zapulasitiki, mano onse ali panja.

"Alamu, ine ndi inu ntchito yathu ndi imodzi. Inu mumagawa mahandawuti, ine ndimalandira mahandawuti. Pawailesi akuzitchula choncho zimenezi."

A Inki anaika kapu ya tiyi pansi. "Alamu, zanga munthu amawerenga n'kukapulumutsa moyo. Zanuzo munthu amalandira n'kuiwala kuti ali ndi manja. Musadzazifanizirenso pakhomo panga."

"Ndowa imodziyi ndabweretsera achemwali."

"Bwererani nayo. Pano sititambasula dzanja."

Mkazi wawo, mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo, wa pakamwa posachedwa, tsiku limenelo anadikira mlendo atuluke, n'kuzemba kukalandira ndowayo kunjira. Anaibisa kuseri kwa bafa mwezi wathunthu. A Inki anaiona tsiku loyamba lomwelo, koma anakhala ngati sanaione.

Panali kachitidwe kamodzi kamene anaphunzira kwa mkulu wa phewa uja: pepala loyamba kutuluka m'makina siliwerengedwa. Pa sitensulo loyamba linkatuluka lothimbirira, ndiye unkaliyang'ana, kulichonga pakona ndi pensulo yofiira kuti lisasakanikirane ndi anzake, n'kuliponya m'dengu. Ukatero ndiye unkayamba kuwerenga. Fotokope itabwera, pepala loyamba linkatuluka loyera bwino ngati anzake, koma dzanja linali litazolowera: loyamba, kuliyang'ana, kuchonga kofiira, pambali. Aphunzitsi akale onse ankachidziwa chizindikiro chimenecho.

Kusiyana kwake kunali kwakuti sankaliponyanso m'dengu. Kutaya pepala lolembedwa bwinobwino, la nzeru za anthu ophunzira? Ayi ndithu. Ankalipinda pakati n'kulilowetsa m'thumba la m'kati la jekete. Kumeneko si kuba, ankadziuza choncho, poti mwini wake wa pepalalo ndi dengu. Poyamba ankawerenga okha m'basi, kuloweza mayina a mafupa amene sakanadzawafunsa munthu. Kenako anapeza wowawerengera.

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi. Awiri oyamba anapita ali makanda. Ali wamng'ono ankamanga zidole mabandeji a nsanza za amake, bambo ake n'kumutcha Nesi, dzina n'kumumatirira monga linachitira lawo. Chingerezi anachiphunzirira pa mapepala ochonga kofiira aja. Pamwamba pa katebulo kake a Inki anakhomapo thabwa, ndipo tsiku lililonse akaweruka ankatulutsa za m'jekete, kuika pathabwapo, kenako ndiye kupempha madzi akumwa.

Nesi anakhoza bwino sekondale, koma malo a pakoleji anali a anthu olipira. Kunali malo awiri okha pachaka a ana a ogwira ntchito, mzere wake wautali, ndipo ana a aphunzitsi ankapezeka adutsa kutsogolo mosadziwika bwino. Amake Nesi anamva kuti kuli munthu wina wolemera, mwini magalimoto a katundu, amene amalipirira atsikana sukulu akamulembera kalata n'kujambulitsa naye chithunzi.

"Kalata imodzi yokha, bambo a Nesi. Ngati inu manja akulemera, ndilemba ndine."

"Mwana wanga akaime mu nyuzipepala atanyamula chikwangwani ngati wamasiye, ine ndili moyo? Adikire malo ake. Amenewo ndinawakhetsera thukuta."

Anadikira zaka zinayi, abale. Zaka zinayi! Anzake anavala zoyera iye akuona. Kuti asangokhala, anapeza ganyu pa sitolo ya mipando, yoima pa maloboti kugawira anthu timapepala totsatsa malonda. Bwana wa pasitoloyo nayenso ankatitcha mahandawuti, ndipo Nesi ankawaseka nazo bambo ake kuti nayenso walowa ntchito ya pamtundu, koma kuseka kwake kunali kouma. Ankaima padzuwa kuyambira m'mawa, kutambasulira dzanja anthu osamuyang'ana n'komwe. Ena ankalandira n'kutaya pomwepo iye akuona, ena ankakweza galasi la galimoto asanayandikire. Ankabwera kunyumba mapazi atatupa, kusamba, n'kutsitsa mapepala a pathabwa. A Inki ankaziona zonsezi ndipo zinkawapweteka, koma kuvomera kuti analakwitsa sanayerekeze.

Chaka chachisanu dzina linatuluka. Koma malo a ana a ogwira ntchito anali ndi lamulo lake, lolembedwa pa kalata: ukalephera phunziro limodzi, kapena ukapezeka ndi mlandu uliwonse, malowo apita kwa wotsatira pamzere. Nesi anaiwerenga kalatayo kawiri n'kuibisa pansi pa matiresi. M'kalasi mwake wamkulu anali iye, anzake ankamuti "anti", ndipo phunziro la mankhwala, ndi masamu ake a madontho ndi mamiligalamu, linkamuzunguza mutu. Mayeso aang'ono oyamba anangopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Anayamba kuwonda, chakudya ankangochigwiragwira.

"Bambo, musamavutikenso ndi mapepalawa," anawauza tsiku lina. "Pano ndimalandira anga m'kalasi."

"Chabwino, mayi," iwo anatero. Mawa lake pathabwa panali ena. Khutu linamva, koma dzanja silinamve.

Tsopano pali chinthu chimene a Inki sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo. Maso anali akupita. Zinayamba ngati utsi, kenako zilembo zinayamba kusungunuka. Magalasi ogula pamsika anathandiza chaka chimodzi n'kuleka. Pofika nthawi tikunenayi, akayang'ana pepala ankangoona mizere yotuwa ndi mipata yoyera. Ankadziwa ngati inki yakwana kapena yachepa, koma kuti palembedwa chiyani, kaya. Kuchipatala ankaopako. Anamwino ake si omwe aja a pakawindo? Nkhani ikanafika kukoleji iwo asanafike, ndipo akanawakhazika pansi nthawi isanakwane. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu yokha kuti apume mwaulemu ndi penshoni yawo.

Ndiye ntchito ankaigwira ndi zala. Mabatani ankawadziwa pamtima. Akagwira mulu wa mapepala ankakuuza kuti ndi makumi asanu kapena asanu ndi limodzi osaphonya. Mphunzitsi akasiya kakalata, ankaitana wophunzira aliyense wodutsa: "Tandiwerengera apa, madokotala inu malembedwe anu ndi a nkhuku." Anthu ankaseka n'kuwawerengera. Kunyumba Lamlungu ankatambasula nyuzipepala ola lathunthu, kutembenuza masamba pa nthawi yake. Palibe anazindikira.

Mayeso anali ndi njira yake. Ankabwera mu envelopu yomata, atanyamula mkulu wa mayeso mwini wake. Chitseko ankakhoma, kawindo ankatseka ndi katoni, ndipo pepala loyesera, loyamba kutuluka lija, mkuluyo ankalilanda likadali lotentha n'kuling'amba pomwepo. Zaka zonsezo m'kachipindako simunatulukepo funso ndi limodzi lomwe.

Koma Lachitatu lina mkulu wa mayeso anali kumaliro, magetsi anali atazima masiku awiri, ndipo ntchito inaunjikana mpaka pakhomo. Magetsi atangoyaka, analowa mphunzitsi wa za mankhwala, bambo wachinyamata amene anali asanathe miyezi itatu pakolejipo, foni ili kukhutu. Anatula foda wamba patebulo.

"Madala, awa zana limodzi ndi makumi awiri, mbali zonse ziwiri. Ndikudikira."

Sananene kuti ndi mayeso. Mwina ankati munthu wamaso aona yekha, poti pamwamba pa pepalalo zinali zitalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Anatuluka kukamalizira foni yake m'khonde. A Inki anaika pepala m'makina, kudina, kutenga loyamba, kuona kuti inki yakwana, kuchonga, kupinda, m'jekete. Mphunzitsi anabwera, anawerenga mapepala ake n'kupeza ali ndendende, anathokoza n'kumapita. Za pepala loyesera iye anali asanamvepo. Ataweruka a Inki anaika pathabwa mapepala asanu ndi awiri a tsikulo n'kupempha madzi.

Mayeso analembedwa Lachisanu. Tsiku limenelo Nesi anadya mpaka kuwonjezera, ndipo bambo ake anakondwa, anati mwana wayamba kuzolowera sukulu.

Patangotha sabata koleji inagwedezeka. Theka la kalasi linali litakhoza modabwitsa, ngakhale aja ogona pa desiki. Wina amene anzake anamumana anakaulula kuti mafunso anayenda m'mafoni Lachinayi. Anafufuza foni ndi foni mpaka anafika kwa mtsikana wokhala benchi limodzi ndi Nesi, amene anajambula poyamba, ndipo m'chikwama mwake anapezamo pepala lenilenilo. Pakona pake panali kuchonga kofiira. Mkulu wa mayeso sanachite kufunsa kuti n'kwa yani.

Nesi anafika kunyumba maso ali psuu. Anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake.

"Bambo, ine sindinadziwe. Ndinalipeza pathabwa pamodzi ndi enawo. Ndinkayesa ndi mafunso ongoyeserera, ndiye mnzanga anandibwereka."

A Inki anamukhulupirira ndi mtima wonse. Akanamukayikira bwanji? Anamugwira pamutu. "Dzuka, mayi. Cholakwa n'changa. Ndikawafotokozera, ndi anthu, akamva." Mumtima anali atakonza kale: akanena za pepala loyesera, akapepesa, koma za maso akabisa ngati kungatheke.

Komiti inakhala Lachinayi m'chipinda cha misonkhano, chimene a Inki anachisesapo kale koma anali asanakhalemo pampando. Anavala jekete lomwelo atalisita. Nesi anali atafunsidwa kale, anamusiya pa benchi m'khonde. Kuseri kwa tebulo kunali anthu asanu, ndipo a Inki ankawazindikira ndi mawu. Wapampando anali mayi wachiwiri kwa mkulu wa koleji, amene zaka makumi awiri zapitazo ankaima pakawindo paja atavala yunifolomu ya ophunzira, kupempha pepala la mnzake wodwala.

Anafotokoza zonse mwadongosolo: za sitensulo, za pensulo yofiira, za thabwa, za foda yobwera popanda envelopu. Mkulu wa mayeso anavomereza kuti za kuchongazo n'zoona. 

"Tamva, bambo," anatero wapampando. "Koma patsala chinthu chimodzi. Tagwirani pepalali."

A Inki analilandira, ndipo zala zinawauza nkhani maso asanayese n'komwe. Pepalalo linali lalifupi. Zaka zoposa makumi atatu akugwira mapepala, kutalika kwake ankakudziwa ngati chikhato chawo, ndipo apa panali patasowa zala zitatu. M'mphepete mwa pamwamba munali mokhakhala pang'ono, mong'ambidwa mosamala motsatira rula. Anatsitsa chala kufuna mzere wopinda. Iwo ankapinda pakati penipeni, makona kukumana. Mzerewo sunalinso pakati. Ndiye kuti pepalali linang'ambidwa litapindidwa kale, litatuluka kale m'jekete.

"Pamwambapo panali dzina la koleji, mawu akuti mayeso, tsiku ndi nthawi," anapitiriza wapampando. "Mwana wanu akuti analipeza lilibe mutu, n'chifukwa chake sanadziwe. Ngati analipeza lathunthu n'kung'amba yekha, ndiye kuti ankadziwa, ndipo achoka lero lomwe. Ndiye tikufunseni inu. Anang'amba ndani?"

M'nyumba mwawo ankakhalamo anthu atatu. Amake Nesi pathabwa paja sankagwirapo, ngakhale popukuta fumbi. Mnzake wa pa benchi uja? Ayi, Nesi mwini wake wanena kuti analipeza lilibe mutu.  Mwana wawo anawaona mawu akuti mayeso. Anatenga rula, anang'amba, anawerenga, kenako anadzagwada pafupi ndi mpando wawo n'kuwanamiza akulira. Zinawawawa koopsa, ndipo anakwiya kukwiya koti akanakhala pafupi akanamumenya koyamba chibadwire. Koma mkwiyowo usanakhazikike anakumbukira mapazi otupa aja, ndi zaka zinayi za pa maloboti zimene anamuimika iwo ndi kuuma mutu kwawo.

"Ndinang'amba ndine," anatero.

"Inu? Chifukwa?"

"Ndinkafuna kapepala koika pakati pa milu, kusiyanitsa makalasi. Tsiku lija ntchito inachuluka."

Limeneli linali bodza lawo loyamba pamaso pa mabwana, ndipo linatuluka mosavuta mpaka anadzidabwa. Munthu wa ntchito yawo akanawagwira pomwepo ndi mzere wopinda uja, koma pa anthu asanuwo panalibe amene anapindapo mapepala kuti adye.

Mkulu wa mayeso anamenya tebulo. "Ndiye zaipiratu! Mwang'amba mawu akuti mayeso inu mukuwaona, n'kutengera mwana wanu mafunso. Mukufuna tikhulupirire kuti simunawerenge? Zilembo zake zazikulu ngati za pa basi!"

Apa a Inki anaona kuti chobisa chija sichibisikanso. Akapanda kuchitulutsa, komiti iti bambo ndi mwana anachita kupangana.

"Sindinawerenge, bwana. Sindiona."

"Mwati bwanji?"

"Maso anatha. Chino n'chaka chachiwiri."

Wina anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala za masiku onse. Wapampando anatenga pepala la ndondomeko ya msonkhano n'kuwapatsa. "Tawerengani mzere woyamba, bambo." A Inki analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, anavula magalasi, anawavalanso.  Thukuta linatsika m'khosi kulowa m'kolala yosita ija. Manyazi amene anamva sanawamvepo ngakhale ali ndi tsache. Potsiriza wapampando ananena motsitsa mawu, "Mwaligwira mozondoka, bambo. Bweretsani."

Anawatulutsa panja theka la ola. Anakhala pa benchi lomwelo, Nesi kumapeto kuno, iwo kumapeto uko.

"Zayenda bwanji, bambo?"

"Tidikire."

Chigamulo chinali chachifupi. Kalasi yonse ilembanso mayeso ena Lolemba. Nesi alandira kalata ya chenjezo chifukwa chobwereketsa pepala, koma malo ake akhala. Mphunzitsi wachinyamata adzudzulidwa. A Inki, chifukwa chotulutsa mapepala a koleji kwa zaka zambiri popanda chilolezo, ndiponso kubisa matenda oika ntchito pangozi, achotsedwa kuyambira tsiku lomwelo. Za penshoni anati alembe kalata yodandaula, akuluakulu akaona.  A Inki anaimirira n'kuthokoza, poti anazolowera kuthokoza akapatsidwa pepala.

Anapita ku kachipinda kaja ndi mlonda kukatenga kapu yawo, sipuni ndi juzi. Makina anali akadali ofunda. Pakawindo panali ophunzira atatu akudikira, ndipo mmodzi anayamba, "A Inki, mahandawuti athu a za ana..." koma anzake anamutsina n'kumukoka. Anapereka makiyi. Mlondayo, amene ankadya nawo nkhomaliro zaka khumi, anayamba wapepesa kenako n'kuwapapasa m'matumba a jekete, poti anamuuza kutero. Anapezamo pensulo yofiira, n'kuibwezera momwemo.

Pageti Nesi anali akudikira. Za maso anali atazimva kale, koleji yonse inali itazimva. Powoloka msewu anawagwira mkono, ndipo iwo sanakane, chifukwa ndithu magalimoto ankangowaona ngati zithunzithunzi. Dzanja lake linali lozizira. M'basi anakhala moyandikana, kapu ndi juzi zili pamiyendo.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Amake Nesi anali akuchotsa zovala pa chingwe, ndipo nkhani inali itawapeza kale kudzera kwa mlamu uja, amene nkhani zaulere nazonso sizinkamuphonya. Anaponya zovala pampando n'kuyamba anthu asanakhale n'komwe.

"Bambo a Nesi! Zaka ziwiri osaona, ine mkazi wanu osandiuza? Ndimakhala ndi munthu ine kapena chitsa? Ndiye n'kumatolera zinyalala za koleji kudzamuunjikira mwana, mwana atakuuzani kuti lekani! Munamuimika padzuwa zaka zinayi ndi matama anuwo, lero walowa mukufuna mumutulutse ndi manja anu omwe? Akanamuchotsa mukanamuyang'ana ndi nkhope iti? Nanga pano tidya chiyani, ulemu wanuwo? Tamuonani mwanayu mmene wathera! Wosalakwa, koleji yonse kumuloza chala chifukwa cha inu!"

A Inki anakhala pampando wawo. Anatembenukira kumene kunali Nesi. Nkhope yake sankaiona, ankangoona chithunzi chotuwa chitaima pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Kuti aulule sankafuna, ayi. Akanaulula, amake ndi pakamwa pawo paja, nkhani ikanafika kukoleji sabata isanathe, ndipo zonse zikanapita pachabe. Komabe mtima unkawavuta. Ankalakalaka mwanayo angoyesako, angoti alekeni bambo anga, kuti iwo achite kumuletsa.

"Amayi..." anayamba Nesi, mawu ali pansi.

"Iwe kawerenge," a Inki anamudula. "Mayeso ndi Lolemba. Amako akunena zoona, wolakwa ndine."

Anayembekeza kuti aumirira, kuti ayambiranso, kapena kungoima pomwepo pang'ono. Koma sanachite kumuuza kawiri. Anamva chitseko chikutsekeka, kenako mpando ukukokedwa kuseriko. Pamenepo m'pamene misozi inatsika, ndipo amake Nesi, poyesa kuti akulirira ntchito, anatola zovala zawo n'kuti, "Lirani. Munaziyamba nokha."